Njinga Yokokera Kumanja

Musandiuze za njinga zamoto ine. Ndazimva zaka zambiri, osati ndi makutu ayi, koma ndi pokhalira penipenipa, pepani kutchula. Ndine Esnat, mkazi wa Flywell Matewere, ndipo ndimanenetsa kuti njinga ija anyamata onyamula maphukusi ankailimbirana ku Lewisham kuno inapangidwa ndi anthu awiri. Mmodzi ankawotcherera zitsulo. Winayo ankakhala kumbuyo n'kumadandaula.

Tinafika ku London mu 1975, tikuthawa kwathu. Ku Limbe bambo a Louisa ankajambula mapulani a zitsulo ku njanji, munthu wa tayi, woseka mpaka agalu a kwa neba kuyamba kuuwa. Kenako akulu awo obadwa nawo anatengedwa ndi a boma, mnzawo wina n'kuwanong'oneza kuti otsatira ndi iwo. Tinatulukira ku Zambia, sutikesi m'manja, Louisa kumsana. Kuseka kuja kunatsala m'njira. Kuno munthu ankangodya, kupita kuntchito, kubwera, kukhala pawindo duu. Zinkandiwawa, ndipo ndinkachita mantha kuti mwamuna amene ndinakwatiwa naye sadzabwereranso.

Ntchito anaipeza kwa mzungu wina wokalamba, a Paterson, amene anali ndi galaja pansi pa mlatho wa sitima. A Paterson ankapanga mafelemu a njinga za mpikisano. Bambo a Louisa awo kunali kumata matayala ndi kusintha oilo. Munthu wa mapulani, kumata matayala! Koma tsiku lina tikudya anangoika supuni pansi n'kuyamba kuyankhula.

"Mayi a Louisa, njinga za m'tauni muno zili pawiri. Pali zing'onozing'ono, ukaziika katundu zimakana chitunda. Pali zikuluzikulu za 750 ndi 1000, liwiro lilipo, koma kuzikhotetsa pakati pa mabasi mpaka thukuta, ndipo ikagwa muitane anthu atatu. Tauni ino ikufuna yapakati. Ya 500, yoonda, yaifupi, yamphamvu zokwanira basi."

Manambala aja sindinawamve, anadzandiuza pambuyo pake kuti ndi kukula kwa mimba ya injini. Chimene ndinamva n'chakuti mwamuna wanga wayankhula mawu ambiri kuposa a mwezi wathunthu. Ndinati pangani, musachedwe.

A Paterson anawapatsa kangodya ka galaja ndi mapaipi otsala. Njinga yoyamba inali ndi injini yakale ya Chingerezi ya masilinda awiri, yoliza ndi mwendo. Itatha, anati akufuna munthu wokhala kumbuyo, chifukwa njinga ya ntchito iyenera kuyenda bwino itasenza. Ndinawauza kuti amange thumba la mchenga. Anati thumba silinena pamene likumva kuwawa.

Ndiye ndinakwera. Ndinakwera monga ndinaleredwera, monga mkazi aliyense wa kwathu ku Zomba amakwerera njinga: chammbali, miyendo yonse iwiri kumanzere, chitenje chili bwinobwino. Sitinafike ngakhale kumsika wa Lewisham wapolisi anatiimitsa. Akuti lamulo la kuno wokwera kumbuyo azitangadza, mwendo uku mwendo uku. Ine? Pamsewu? Anthu akuona? Ndinatsika n'kubwerera wapansi. Thalauzi ndinali ndisanaivalepo chibadwire. Kwathu mkazi ankamangidwa nayo, ndipo ngakhale kuno amayi a kutchalitchi kwathu ku Peckham ankainena ndi mawu apansipansi ngati matenda.

Bambo a Louisa anapeza njira. M'mbali mwa mtsinje wa Thames munali doko lakale lotsekedwa, msewu wautali wosalala, udzu ukumera m'ming'alu, wapolisi ndi mmodzi yemwe. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, iwo ankatsogola pa njinga, ine n'kutsatira pa basi ndi zovala zanga za mapemphero. Tikathamanga pa njinga, ine kumbuyo, mpaka kumapeto, ankaima, kukweza galasi la chipewa, n'kufunsa funso limodzi lomwelo.

"Mwamva chiyani?"

Ine yankho silinkandisowa. Njinga yoyamba ija inkanjenjemera mpaka mano kulumana okha, chifukwa mapisitoni ake awiri ankakwera ndi kutsika limodzi. Mabuleki ake anali a dilamu, obisika m'kati mwa gudumu, akatentha ankangoti tikaima mawa. Ndinanena zonse. Anandimvera nkhope ili gwa, n'kukaiphwasula.

Yachiwiri inabwera cha m'ma 1979. Anapeza injini ya ku Japan ya masilinda anayi, ya 550, kuchokera pa njinga imene inachita ngozi. Eee, imeneyo inkalira mosalala, ndipo kuliza kwake kunali kungodina kabatani, osati kuponda mpaka msana. Kutsogolo anaika buleki ya disiki, chimbale chachitsulo chimene chimapanidwa mbali zonse ziwiri ndipo chimazizira ndi mphepo. Koma madandaulo anga sanathe. Chishalo chinali chachitali, ndinkachita kudumphira ngati mwana pa khonde. Anachitsitsa. Mapaipi a utsi anandiwotcha katumba, chipsera chilipo mpaka lero. Anawasonkhanitsa onse anayi kukhala imodzi n'kuipititsa kumanja. Tcheni chinaluma mpendero wa chitenje changa chatsopano, ndinakalipa doko lonse linamva. Anachipangira bokosi la malata, chonse n'kubisika.

Panatsala chimodzi. Ankakonda kusiya chiwongolero pang'ono tili pa liwiro, kuti aone ngati njinga ikuyenda mowongoka yokha. Nthawi zonse inkakokera kumanzere. Anati vuto ndi injini, mbali ya tcheni ndi yolemera. Anasunthira batire kumanja. Analimbitsa sipuling'i ya kumbuyo ya kumanzere, paja masiku amenewo njinga zinkakhala ndi ziwiri, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, amakanika amati mashoko. Pomanga felemu yachitatu anasunthanso injini yeniyeniyo pang'ono kumanja n'kuwotcherera. Pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina anasiya chiwongolero njinga n'kupita phee ngati yajambulidwa ndi lula. Sanaseke ayi, koma pobwerera anandigulira tchipisi.

Nthawi imeneyo ntchito yonyamula maphukusi pa njinga inali itakula mu London. Kampani ina ya ntchitoyi inamva za njinga yathu kudzera mwa a Paterson, n'kutumiza wokwera wawo wamkulu kudzaiyesa. Anali Levy, Mjamaika wamtali wosadziwa kunyengerera. A Paterson ananena poyera: Levy akaikonda, galaja iyamba kupanga njingazi ndipo Flywell ndiye mkulu wake. Akaikana, felemu idulidwa, chifukwa malo akufunika ndipo zaka zapita zambiri.

Levy anamanga bokosi lolemera kumbuyo, n'kupita nayo kumsewu waukulu. Anabwerako nkhope itasintha. Anayankhula m'Chingerezi chake chothamanga, koma ndinamva zonse.

"Injini yabwino. Mabuleki abwino. Koma njingayi ikufuna kundipha. Ikukokera kumanja, kumene kukubwera malole, ndipo ukaonjeza moto imayamba kugwedeza mchira. Anyamata anga sangakwere chimenechi."

A Paterson anachita chisoni, anapatsa bambo a Louisa mpaka kutha kwa mwezi wotsatira. Iwo anayeza felemu ndi chingwe, anasintha matayala, anamasula chiwongolero n'kuchimanganso. Palibe. Akaikwera okha m'misewu ya kwathu kuno ankati ili bwino, osadziwa kuti misewu ya kuno imatsetserekera kumanzere kuti madzi a mvula azithawa, ndiye inkabisa vutolo. Tikapita kudoko, ine kumbuyo, njinga phee. Anayamba kunena kuti mwina Levy sakufuna njinga ya munthu wa ku Africa. Kenako anabwerera pawindo paja. Mtima wanga unagwa, chifukwa ndinadziwa kuti felemu ija ikadulidwa, adula ndi munthu yemwe.

Lamulungu lina ndinachita kuwakoka kuti tipite kudoko. Mnzanga Petronella anatiperekeza. Petronella ndi namwino wa ku Lusaka, wapakamwa, wosaopa munthu, ndipo tsiku limenelo anali atavala thalauzi ya jinzi yothina moti ndinkachita manyazi kukhala naye pa basi. Atafika anapeza bambo a Louisa atakhala pa njinga osailiza.

"Ba mulamu, manje mwankala bwanji monga pa malilo? Ninyamuleniko, nione njinga yamene ivuta."

Ndisanatsegule pakamwa, mtsikana uja anaponya mwendo pamwamba pa chishalo, kutangadza, manja onse awiri m'chiuno mwa mwamuna wanga. Ndinamva kutentha kumaso. Ananyamuka. Ndinawaona akupita, akuchepa, bambo a Louisa n'kusiya chiwongolero monga mwa masiku onse. Mayo ine! Njinga inakhotera kumanja ngati yaitanidwa, kulunjika mu udzu. Anaigwira mwamwayi, fumbi koboo.

Anabwerera pang'onopang'ono. Anazimitsa injini, kuvula chipewa, n'kuyang'ana Petronella. Kenako anayang'ana ine. Osati kumaso ayi, miyendo. Anaiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinakokera chitenje pansi.

"Mayi a Louisa," anatero ndi mawu otsika, "zaka zonsezi inu mumakhala chammbali."

"Nanga ndikanakhala bwanji?"

"Miyendo yonse kumanzere. Ndi chikwama cha Baibulo chomwe."

Petronella ndiye anayamba kumvetsa. Anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti. "Ba mulamu! Mwapanga njinga ya bakazi banu beka! Dziko yonse palibe wina angaikwele!"

Ine sindinaseke. Injini sinali yolemera mbali imodzi. Cholemera ndinali ine. Mwamuna wanga anakhala zaka akusuntha batire, kulimbitsa sipuling'i, kuwotcherera injini pambali, kuti njinga igwirizane ndi makhalidwe anga. Ndipo palibe mwa ife awiri amene anaganizapo, chifukwa kwa ife mkazi kukhala chammbali sichinali chinthu choti n'kuchiona. Ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera ndani. Ndinati ndiye mwati ndine ndaononga njinga yanu? Iwo anali atagwada kale kumbuyo kwa njinga, akuyang'ana mashoko awiri aja, maso akuwala.

"Awiriwa ndiwo andinamiza," anatero. "Akakhala awiri, munthu umatha kulimbitsa mmodzi n'kubisa cholakwa. Ajapani ayamba kuika imodzi yokha pakati, pansi pa chishalo. Imodzi ilibe mbali. Ndidula zonsezi."

Masabata otsatirawo sindinawaone bwino. Ankabwera kunyumba akununkha utsi wa zowotcherera, nsidze zitapsa, koma akudya ngati munthu wolima. Anadula pomangira mashoko, anapanga chitsulo cha makona atatu chogwira tayala la kumbuyo, n'kuchilumikiza ku shoko imodzi yonenepa pakatikati. Injini anaibwezera pakati penipeni, batire pakati, zonse pa mzere umodzi. Ankandifotokozera pa tebulo ndi mafoloko ndi botolo la mchere, ine n'kumangovomera.

Koma panali nkhani ina imene inkandisowetsa tulo. Njinga yatsopanoyi inkafuna woyesa wokhala motangadza. Petronella anadzipereka yekha pamaso panga, akuti Lamulungu lililonse ali mfulu, ngakhale kusintha shifiti asintha. Ndimamukonda Petronella, Mulungu akudziwa. Koma chishalo chija chinatsitsidwa chifukwa cha miyendo yanga yaifupi. Chipsera cha paipi chili pa katumba wanga. Ndiye wina azikagwira mwamuna wanga m'chiuno n'kumafunsidwa kuti wamva chiyani? Nsanje inandigwira, sindibisa.

Kwinaku mantha. Ife othawa kwathu tinkakhala tikuyang'anana, chifukwa zochitika ku Peckham zinkafika ku Zomba msanga kuposa ndege. Ndinkaganiza mayi anga akumva kuti mwana wawo akuyenda ndi thalauzi ku Ulaya. Ndinkaganiza amayi a kutchalitchi akusiya kuyankhula ndikalowa. Ndinazungulira msika wa Lewisham kangapo ndisanaime pa benchi ya zovala. Ndinauza mayi wogulitsayo kuti ndikugulira mchimwene wanga, wamfupi, wonenepa m'chiuno ngati ine. Anandiyang'ana n'kumwetulira, ndipo anandisankhira yakuda.

Ntchito inatha mochedwa, moti panalibe mpata woyesa patokha. Ulendo woyamba wa njingayo unayenera kuchitika pamaso pa onse, Lamulungu lomaliza la mwezi. Kudoko kunali mphepo yozizira yochokera kumtsinje. A Paterson anaima manja m'thumba. Levy anabwera ndi bokosi lake, anati sakwera mpaka aone mwini wake akuisiya chiwongolero ali ndi munthu kumbuyo. Bambo a Louisa analiza injini. Petronella anatenga chipewa changa n'kuyamba kumanga lamba pachibwano.

"Bweretsa kuno chipewacho," ndinatero.

"Ba Esnat, lelo ni kunkala kwa chimuna, imwe simungakwanise."

Ndinaika chikwama pansi. Ndinamasula chitenje pamaso pa mzungu, Mjamaika, Mzambiya ndi mwamuna wanga, n'kuchipinda bwinobwino, n'kumupatsa Petronella kuti andigwirire. Thalauzi ija ndinali nditaivala kuyambira m'mawa, ndinapemphera nayo m'tchalitchi mkati mwa chitenje, thukuta lili kamukamu. Mphepo inandiwomba m'miyendo, ndinadzimva ngati ndili maliseche.

"Mayi a Louisa!" Bambo aja pakamwa panali yasa.

"Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo miyendo? Gwirani njinga bwino ndikwere."

Ulendo woyamba mwendo unakana, unagunda chishalo. Petronella anaululutira. Kachiwiri unadutsa. Ndinakhala, mapazi pa zopondera zonse ziwiri, chinthu chimene sindinachitepo, n'kuwagwira bambo a Louisa m'chiuno ndi manja onse.

Tinanyamuka. Giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, injini ikukwera mawu. Ndipo ndinaona chinthu chimene sindinayembekeze. Zaka zonse zija ndili chammbali ndinkangoona makoma a nyumba zosungiramo katundu akudutsa. Tsiku limenelo, pamwamba pa phewa lawo, ndinaona msewu wonse ukubwera kwa ife, mtsinje uko, mitambo, mbalame zikuthawa. Pa ming'alu pamene kale ndinkadumpha n'kuluma lilime, shoko imodzi ija inkangomeza. Kenako ndinaona manja awo akuchoka pa chiwongolero. Anawakweza pang'ono. Anawatambasula onse awiri m'mbali. Ndinatseka maso kudikira udzu, n'kuwatsegulanso. Tinali pakati penipeni pa msewu, njinga ikupita yokha, osapendekera uku kapena uku.

Ndinakuwa. Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani, mwina dzina la mayi anga.

Titabwerera, Levy sanadikire kuti tiyankhule. Anamanga bokosi lake n'kutuluka nayo pa geti kupita kumsewu waukulu. Tinadikira. A Paterson anayatsa fodya n'kuiwala kumusuta. Bambo a Louisa anangoima chilili, ine ndili pambali pawo ndi thalauzi yanga, chitenje ndaiwala kuti chilipo. Patapita nthawi tinamva kulira kwa masilinda anayi kukubwera. Levy anaima patsogolo pathu, anavula chipewa, n'kumenya thanki ndi chikhatho.

"Iyi ndiye njinga! Ikupita kumene ukuyang'ana. Ndadutsa nayo pakati pa mabasi awiri osagunda galasi." Kenako analoza pansi. "Ndipo ndani anaganiza zotsekera tcheni m'bokosi? Mvula ya muno imatidyera matcheni mwezi ndi mwezi. Chishalo chachifupichi, phazi likufika pansi pa maloboti alionse. Paipi imodzi, mbali inayo mpata wa chikwama. Zimenezi musasinthe ngakhale chimodzi."

Bambo a Louisa anandiloza ndi chibwano. "Funsani mayiwa."

Ndinaimirira mowongoka, ndikuuzeni. Cholakwa chinali changa, chabwino, koma zabwinozo zinalinso zanga. A Paterson anagwira mwamuna wanga chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti kuyambira mawa matayala amata wina, ndipo pa thanki palembedwa dzina la Matewere. Petronella ankavina yekha ndi chitenje changa m'manja.

Anthu atabalalika, bambo a Louisa anandifunsa ngati ndibwerere pa basi monga kale. Ndinati basi ya chiyani? Ndinakweranso, ulendo uno mwendo unadutsa kamodzi. Tinatuluka pa geti kulowa mumsewu wa anthu onse. Tinadutsa ku Deptford, tinadutsa wapolisi amene sanatiyang'ane n'komwe, tinadutsa amayi awiri a kutchalitchi ataima pa siteji, ndipo ndinawakwezera dzanja kuti asavutike kufunsa ngati ndinali ine. Za ku Zomba ndinati zikafika zifike. Chapakati pa ulendo ndinamva msana wawo ukugwedezeka pachifuwa panga. Ndinadzidzimuka, ndinayesa njinga yayambanso matenda ake. Sinali njinga.

Pakhomo anazimitsa injini. Louisa anasuzumira pawindo, ataona thalauzi anafuula zachingerezi zake n'kuthamangira pansi. Bambo ake anakweza galasi la chipewa, maso ali onyowa, n'kutembenuka monga ankachitira kumapeto kwa doko.

"Mwamva chiyani, mayi a Louisa?"

Ndinafufuza dandaulo, mwa chizolowezi. Panalibe.

"Ndamva inu mukuseka," ndinatero. "Kuyambira ku Deptford."

Anayambiranso pomwepo, kuseka kwa ku Limbe kuja, mpaka galu wa kwa neba anayamba kuuwa.